Muyezo Suchokera kwa Mnzako

Kodi munthu amadziwa bwanji kuti ndi wolungama? Funso limeneli ndalimva likuyankhidwa pa maliro, m'minibasi ndi pansi pa mtengo anthu akamatuluka m'tchalitchi, ndipo yankho lake limadzera njira imodzi: munthu amaloza mnzake. Chidakwa chimati icho bola, sichimenya mkazi. Womenya mkazi amati komabe ana ake sagona ndi njala. Kalaliki wolandira ya fanta amati akuba enieni ali m'maofesi a pamwamba. Aliyense wadzipezera munthu amene waima mmunsi mwake, ndipo munthu ameneyo ndiye amamugonetsa tulo tabwino.

Ine ndine makaniko wa njinga zamoto, ndipo ntchito yanga ndimagwirira ku Biwi, mu Lilongwe. Ntchito imeneyi yandiphunzitsa kukana yankho lolozera mnzakolo, ndipo mphunzitsi wanga wamkulu pa nkhaniyi ndi kachitsulo kokwana m'dzanja kotchedwa camshaft.

Injini ya four-stroke imagwira ntchito zinayi motsatizana. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo. Ikamakwera imaupanikiza. Pulagi ikathetheka, moto umaikankhira pansi. Ikamakweranso imatulutsa utsi. Kuti zimenezi zitheke, valavu yolowetsa mpweya ndi valavu yotulutsa utsi ziyenera kutseguka pa nthawi yake, kufika mulingo wake, n'kutsekekanso pa nthawi yake. Wolamula zonsezo ndi camshaft. Imakhala pamwamba mu hedi, imazunguzidwa ndi tcheni chochokera ku crankshaft, ndipo crankshaft ikazungulira kawiri iyo imazungulira kamodzi. Injini ikamazungulira maulendo 8,000 pa mphindi, camshaft imazungulira maulendo 4,000, kutanthauza kuti valavu iliyonse ikutseguka ndi kutsekeka koposa ka 66 pa sekondi imodzi. Pa camshaft pamakhala zitunda ziwiri, zimene amakaniko timazitcha ma lobe, mbali imodzi yobulungira, mbali ina yosongoka. Chitunda chikafika pa rocker chimaikankha, rocker n'kukankha valavu. Nsonga ya chitunda ikadyeka, valavu siitsegukanso mokwanira, ndipo injini imayamba kubanika.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi wochokera cha ku Dedza anabweretsa Honda XL125S, njinga yakale ya m'misewu ya fumbi, ya injini ya 124cc. Anati pokwera phiri yayamba kufooka, ndipo mu hedi mukumveka kugogoda kumene kumabwereranso ngakhale amakaniko akonze ma tapeti. Titatsegula tinapeza nsonga za zitunda zitakandika ndipo nkhope za ma rocker zitakumbika. Bamboyo anali atakonzekera kale. Anatulutsa m'chikwama camshaft ina imene anagula kwa munthu amene anaphwasula injini ya mtundu womwewo. Mwana wa mlongo wanga, amene ndimamuphunzitsa ntchito, anazitsuka zonse ziwiri ndi petulo n'kuziika pa nsanza yoyera.

"Amalume, iyi ndiye ili bwino," anatero akuloza yogulayo. "Taonani mmene ikuwalira."

"Tenga micrometer, iwe," ndinamuuza. "Maso amaona kuwala, saona kutalika."

Kuyeza camshaft kumafuna kudekha. Umayamba wapukuta chitsulo ndi milomo ya micrometer, chifukwa kachitsotso kamodzi kamasintha nambala. Umayeza kutalika kwa chitunda kuchokera kumbuyo kobulungira kufika pa nsonga, ukusuntha pang'onopang'ono mpaka utapeza malo otalika kwambiri. Kenako umayeza chopingasa, pa mbali yobulungira yokha. Ukachotsera nambala yachiwiri pa yoyamba wapeza mmene chitundacho chimanyamulira rocker. Umayezanso malo amene camshaft imazungulirapo mu hedi, m'malo angapo, kuti uone ngati adakali obulungira. Ukakhala ndi dial gauge umaigoneka camshaft pa zitsulo ziwiri za V n'kuizunguza, kuti uone ngati yapindika. Manambala onse umalemba papepala, chifukwa mutu umakumbukira nambala imene ukuifuna.

Mnyamatayo anayeza bwino. Chitunda cha valavu yolowetsa mpweya pa camshaft yogulayo chinali chotalika kuposa cha yakale ndi pafupifupi 0.2 mm, chinacho chinali chotalikanso pang'ono. Nkhope yake inawala, ndipo mwini njinga anapumira m'mwamba poganiza kuti ndalama zake sizinapite pachabe. Pamenepo ndinatsegula buku la fakitale pa tsamba la hedi. Bukulo limapereka manambala awiri: kutalika kwa chitunda chikakhala chatsopano, ndi malire amene chikatsika kuwapitirira chitsulocho chatha ntchito. Camshaft yakale inali itawapitirira patali. Yogulayo nayonso inali itawapitirira, ngakhale pang'ono.

Zonse zimene mnyamatayo ananena zinali zoona. Yogulayo inali yabwinoko, ndipo micrometer inamuchitira umboni. Koma funso limene mwini njinga anabwera nalo silinali lakuti mwa ziwirizi yatha kwambiri ndi iti. Iye ankafuna kudziwa ngati njinga yake ikwere mapiri a kwawo itanyamula iye ndi katundu wake. Funso limenelo camshaft ziwiri sizingaliyankhe poyang'anizana, ngakhale uziyeze ndi chida chabwino chotani. Kuyerekeza kumangokuuza amene ali patsogolo ndi amene ali pambuyo. Sikukuuza ngati onse awiri ali pa njira.

Pansi pa benchi yanga pali bokosi la ma camshaft akale. Nditawandandalika kuyambira yodyeka kwambiri, pamapeto pa mzere padzapezeka imodzi yoposa zonse, ndipo imeneyonso ndi yotha. Zinathera m'fumbi lomwelo, mu oyilo wakuda yemweyo, m'manja mwa eni ake amene ankati adzasintha oyilo mwezi wamawa. Zinthu zothera pamodzi zimaoneka ngati sizinathe, chifukwa palibe chatsopano choziyalutsa. Ndi mmene zimakhaliranso ndi anthu. Mu ofesi mmene aliyense amasainira alawansi ya msonkhano umene sanapiteko, amene amasainira misonkhano yochepa amatchuka kuti ndi wokhulupirika. M'mudzi mmene ana amasiye amalandidwa munda maliro asanazizire, amene wawasiyirako kachigawo amatchedwa wachifundo. Makolo athu anachiona chimenechi n'kunena kuti anyani amasekana zikundu.

Mtumwi Paulo anakumana nazo ku Korinto. M'kalata yake yachiwiri yopita kumeneko, mutu 10 ndime 12, akudzudzula aphunzitsi ena amene ankatenga gulu lawo lomwe kukhala muyezo wa iwo eni, ndipo akuti mchitidwe umenewo mulibe nzeru. Mu Luka 18 muli fanizo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho amene anapita kukapemphera ku kachisi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti palibe pamene fanizolo likunena kuti Mfarisiyo ananama. Ankasaladi kudya kawiri pa sabata, chakhumi ankaperekadi. Manambala ake anali olondola ngati a mwana wa mlongo wanga. Cholakwika chinali pamene anaika mbali ina ya muyezo: anaiika pa munthu amene anaima naye m'kachisimo. Wokhometsa msonkhoyo sanadziyerekeze ndi aliyense. Anadziyeza kwa Mulungu, napeza kuti waperewera, ndipo Yesu akuti ameneyo ndiye anabwerera kwawo ali wolungama.

Wina adzati: chabwino, tileke kuyang'ana anzathu, aliyense atsate chikumbumtima chake. Apanso benchi yanga ili ndi mawu.

Micrometer ndi chida chodabwitsa. Mkati mwake muli sikuluwu imene ikazungulira kamodzi imayenda 0.5 mm, ndipo chogwirira chake chagawidwa m'zigawo 50, choncho chigawo chimodzi ndi 0.01 mm. Tsitsi la munthu ndi lonenepa kangapo kuposa pamenepo. Koma zitunda za camshaft za njinga zazing'onozi n'zotalika kupitirira 25 mm, motero timagwiritsa ntchito micrometer yoyambira pa 25 kufika pa 50 mm. Micrometer imeneyi milomo yake siikumana. Ungaizunguze mpaka pamapeto, pakati pamatsalabe mpata. Siingadzitsimikizire yokha kuti ikunena zoona. N'chifukwa chake m'bokosi lake opanga amaikamo kamtengo kachitsulo ka 25 mm ndendende ndi kasipanala kakang'ono. Usanayeze chilichonse umayamba wayeza kamtengoko. Micrometer ikawerenga china, wolakwa si kamtengo, ndipo umaikonza ndi kasipanala kaja. Micrometer imene inagwapo pansi siichita manyazi kapena kukayikira. Imapereka nambala yabodza mwa mphamvu yomweyo imene inkaperekera yoona.

Chikumbumtima ndi mphatso yaikulu, ndipo munthu wopanda icho ndi woopsa. Koma chimasuntha, ndipo chikasuntha mwini wake samva. John Newton wa ku England anatembenukira kwa Mulungu mu 1748 pamene sitima yake inatsala pang'ono kumira. Kuyambira 1750 kufika 1754 munthu yemweyo anali kapitawo wa sitima zonyamula akapolo kuchokera kumadzulo kwa Africa, akuwerenga Baibulo ndi kutsogolera mapemphero pamwamba pa sitima, pansi pake pali anthu omangidwa maunyolo. Poyerekeza ndi akapitawo anzake ankadziona ngati munthu wodziletsa ndi woopa Mulungu, ndipo mtima wake sunamutsutse. Panapita zaka zoposa 30 kuti, mu 1788, alembe poyera zotsutsa malonda amenewo ndi kuvomereza mbali yake. Chida chake choyezera chinali chitasuntha pamodzi ndi cha anthu onse omuzungulira, ndipo kupemphera kokha sikunachibweze msanga.

Nanga kamtengo ka 25 mm kaja kamadalira chiyani? Kanayezedwa ku fakitale ndi timidadada tachitsulo tosalala kwambiri, ta mtundu umene Carl Edvard Johansson wa ku Sweden anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Timidadadato timayezedwa ndi mabungwe oona za miyezo m'mayiko, monga momwe kwathu kuno Malawi Bureau of Standards imayenderera masikelo ndi mapampu a mafuta. Popeza chitsulo chimafufuma chikatentha, mu 1931 mayiko anagwirizana kuti utali uziwerengedwa pa kutentha kwa madigiri 20. Pamwamba pa zonsezi pali mita. Kuyambira 1889 mita inali mtengo wa platinum ndi iridium wosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Koma mtengo wachitsulo ukhoza kukandika kapena kuwonongeka pa nkhondo, ndipo akatswiri sanakhutire nawo. Mu 1960 anamangirira mita pa kuwala kwa mpweya wa krypton, ndipo kuyambira 1983 mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'gawo limodzi la magawo 299,792,458 a sekondi. Ukatsata chingwe chimenechi kuchokera pa benchi ya ku Biwi, umadutsa m'manja mwa anthu ambiri, koma kumapeto kwake umafika pa chinthu chimene munthu sanapange ndipo sangachisinthe. Anthu anzeru amene sankakamba za chipembedzo anaona okha kuti muyezo wodalirika uyenera kukhazikika pa chinthu chimene dzanja la woyeza silingachifike. Yehan Numata, amene anayambitsa kampani ya Mitutoyo ku Japan mu 1934 kuti azipanga ma micrometer, anali mwana wa wansembe wa Chibuda, ndipo phindu la kampaniyo analigwiritsa ntchito pofalitsa chiphunzitso cha chipembedzo chake. Ine ndine Mkhristu, koma ndimamvetsa chifukwa chake munthu wopemphera angakonde chida chimene sichikondera mwini wake.

Pali chotsutsa champhamvu, ndipo n'chakale. Protagoras, mphunzitsi wa ku Greece wa zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti pamwamba pa munthu palibe muyezo wina: mphepo imene wina akuimva kuzizira ndi yozizira kwa iyeyo, ndipo amene sakuimva kuzizira nayenso sakulakwa. Plato, wanzeru wina wa ku Greece, anamutsutsa, ndipo m'buku lake lomaliza anaika Mulungu pa malo amene Protagoras anaikapo munthu. Makaniko wotsatira Protagoras angandiuze kuti buku la fakitale linalembedwa ndi anthu, ndipo pali ma camshaft ena ogulitsidwa padera amene manambala ake sagwirizana ndi bukulo koma amathamangitsa njinga kuposa ya fakitale. Zimenezo n'zoona. Camshaft ya mpikisano ili ndi zitunda zotalika ndipo imasiya valavu yotsegula nthawi yaitali. Injini ikamazungulira mothamanga imapeza mpweya wambiri ndi mphamvu zambiri. Koma ikamayenda pang'onopang'ono imafooka ndi kudukiza, nthawi zambiri imafuna masipuling'i olimba, ndipo usanailize umayenera kuika dongo pamutu pa pisitoni n'kuzunguza injini ndi dzanja kuti uone ngati valavu siigunda. Kwa mnyamata wa mpikisano ndi camshaft yabwino. Kwa mlangizi wokwera phiri la miyala pa giya yoyamba ndi yoipa.

Ndiye Protagoras wapambana? Ayi. Camshaft ya mpikisano nayonso ili ndi pepala lake la manambala, ndipo ikadyeka imalephera pepala lakelo. Muyezo wa chinthu umachokera ku ntchito imene chinapangidwira, ndipo ntchitoyo amaidziwa ndi amene anachipanga. Kusiyana ndi kutha ndi zinthu ziwiri. Camshaft yodyeka si mtundu wina wa camshaft. Anthu amasiyanadi: wina ndi wofatsa, wina ndi wolankhula, Mngoni amalowola, Mchewa amapita kuchikamwini, ndipo palibe wolakwa pamenepo. Koma wonamizira mnzake pa bwalo la amfumu sangati umenewo ndi mtundu wake wa umunthu. Ameneyo wadyeka. Mawu akuti aliyense ali ndi choonadi chake amakoma m'kamwa mpaka tsiku limene wina waba mbuzi yako n'kukuuza kuti kwa iye kutero si kuba.

Ogulitsa ma camshaft ali ndi chinyengo china chimene chimandiphunzitsa za mtima wanga. Nthawi imene valavu imakhala yotsegula imawerengedwa m'madigiri a kuzungulira kwa crankshaft, koma nambalayo imadalira pamene wayambira kuwerenga. Mafakitale a ku Japan kawirikawiri amayamba valavu ikanyamuka 1 mm. A ku America amakonda 0.050 inchi, imene ndi 1.27 mm. Wofuna kuti katundu wake aoneke wamphamvu amayamba kuwerenga valavu itangogwedezeka, ndipo nambala yake imakula ndi madigiri ambiri. Sananame nambala iliyonse. Wangoyezera yake pa malo ena ndi ya mnzake pa malo ena. Deuteronomo 25 imaletsa munthu kusunga miyala iwiri yoyezera m'thumba mwake, waukulu ndi waung'ono. Buku la Miyambo limabwereza kangapo kuti sikelo yachinyengo Mulungu amanyansidwa nayo. Sura 83 ya Qur'an imayamba ndi kuchenjeza anthu amene amafuna muyezo wodzaza polandira koma amachepetsa popereka. Mayi wogulitsa soya wake kwa venda wa sikelo yopotoza safunikira buku kuti adziwe kuti waberedwa. Pa zambiri zipembedzo zimasiyana, koma pa sikelo zimalankhula mawu amodzi, ndipo kugwirizana kumeneku ndimakutenga ngati umboni wakuti muyezowo sitinaupange ndife. Miyala iwiri ija ambirife timayenda nayo mumtima: mnzathu timamuyeza ndi zimene wachita, ife eni timadziyeza ndi zimene tinkafuna kuchita.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri kwa ine, chifukwa ndachiona chikuvulaza anthu. Amene amati agwira muyezo wa Mulungu m'manja nthawi zambiri amaugwiritsa ntchito pomenya anzawo. Mtsikana wotenga mimba ya pathengo amaimikidwa pamaso pa mpingo, pamene mwamuna amene anamupatsa mimbayo wakhala phee pa benchi. Munthu wotopa ndi nkhanza zotere akati bola muyezo uchotsedwe, ndimamumvera chisoni ndipo sindimuseka. Koma chimene chinamuvulaza ndi miyala iwiri ija, osati muyezo woona. Ndipo buku la fakitale, ukaliwerenga bwino, si lankhanza monga ena amaganizira.

Silinena kuti chitsulo chikangokandika chitayidwe. Pakati pa nambala ya chatsopano ndi malire pali mpata, ndipo chilichonse chili mu mpatawo chimaloledwa kubwerera mu injini. Wolemba ankadziwa kuti chinthu chogwira ntchito chimadyeka. Bukulo limalamulanso kuti pakati pa rocker ndi valavu pakhale mpata wa 0.05 mm injini ili yozizira. Makaniko wokhwimitsa zinthu amene angautseke mpatawo, poganiza kuti kulimba ndiye ungwiro, amapsereza valavu, chifukwa chitsulo chikatentha n'kufufuma valavu siikhalanso pa mpando wake. Mpatawo uli mkati mwa lamulo lenilenilo, ndipo wouchotsa waphwanya lamulo ngati amene waukulitsa.

Pali nkhani ya Honda imene ndimaikonda pa mfundo imeneyi. Mu 1974 kampaniyo inatumiza akatswiri ake ku Thailand, Indonesia, Philippines, Pakistan ndi mayiko ena kukaona mmene anthu ankagwiritsira ntchito njinga zawo. Anapeza njinga zikunyamula mabanja athunthu, oyilo akugwiritsidwa ntchito mpaka kuda bii, ndipo camshaft ya pamwamba mu hedi ikuvutika. Sanangolemba kalata yodzudzula okwera. Mu 1975 anatulutsa CG125, imene cam yake ili pansi pafupi ndi oyilo, ndipo chitunda chimodzi chimayendetsa mavalavu onse awiri kudzera pa timitengo tokankhira. Injini zambiri za njinga za kabaza zimene zili m'misewu yathu lero zinatengera pamenepo. Wopanga wabwino amadziwa msewu umene chopangidwa chake chidzayendemo. Salimo 103 limanena zomwezo za Mulungu, kuti saiwala dothi limene anatiumba nalo. Muyezo wake ndi chifundo chake zimachokera m'kudziwa kumodzi komweko.

Micrometer imakuuza kuti chitsulo chatha, koma siikuuza chifukwa chake. Mu injini ngati ya XL125S camshaft ndiyo ili kutali kwambiri ndi pampu ya oyilo, ndipo oyilo yense mu injinimo ndi pafupifupi lita imodzi. Akachepa, akada, kapena kanjira kake kakatsekeka, woyamba kumva njala ndi camshaft. Khungu la chitunda ndi lolimbitsidwa, koma ndi lopyapyala, ndipo likangobooka chitsulo chofewa cha mkati chimatha mofulumira. Mu njinga ya mlangizi uja tinapeza kasefa ka oyilo katadzaza zinyalala, ndipo fyuluta yozungulira ya pa crankshaft itamata matope akuda. Tikanaika camshaft yatsopano osatsuka zimenezo, nayonso ikanatha. Woyeza woona amafunsa mafunso awiri: chaperewera motani, ndipo anachimana chiyani? Mnyamata wakuba amene anakula wopanda womulera ayenera kufunsidwa onse awiri. Funso lachiwiri silifafaniza loyamba, pakuti camshaft yothera njala ya oyilo ndi yothabe. Koma woweruza amene amafunsa loyamba lokha amangosintha zitsulo mu injini yotsekeka njira.

Ndinamuuza bamboyo zoona zake. "Bambo, yogulayi ikhoza kuliza njinga, ndipo sabata zoyamba mudzasangalala. Koma yapitirira malire, ndipo idzadya ma rocker atsopano amene tiikemo. Ine sindikuikirani." Anakhala chete kanthawi, chifukwa ndalama anali atawononga kale, kenako anati adikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Tinaika camshaft yatsopano ndi ma rocker atsopano pamodzi, tinatsuka njira zonse za oyilo, ndipo tisanamange ndinamuuza mnyamata uja kuti ayezenso yatsopanoyo. Bokosi losindikizidwa bwino si umboni.

Apa ndi pamene chitsulo ndi munthu zimasiyana njira. Camshaft yopitirira malire siingadzimeretse. Pali malo ena amene amaiwotcherera n'kuiperanso pa makina, koma kwa ambirife imangopita m'bokosi la pansi pa benchi. Munthu sali choncho, ndipo chikhulupiriro changa chonse chaima pa kusiyana kumeneku. Chitsulo timachiyeza kuti tidziwe ngati tichitaye. Munthu amayezedwa kuti abwerere. Zakeyu wa mu Luka 19 anali mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, ndipo akanafuna akanapeza anzake olanda kuposa iye. Yesu atalowa m'nyumba mwake, kulapa kwake kunatuluka ndi manambala: theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamunyenga. Kubweza kanayi n'kumene Eksodo 22 imalamula kwa wakuba nkhosa. Anadziika pa muyezo wa wakuba pamaso pa anthu a mumzinda wake, ndipo tsiku lomwelo anauzidwa kuti chipulumutso chafika panyumba pake. Muyezo umene unamuchititsa manyazi ndi womwewo umene unamuonetsa kuchuluka kwa zoti abweze.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti kudziyerekeza ndi anzathu kumatibera kawiri. Kumatinamiza kuti tili bwino, ndipo kumatitsekera njira yokonzekera, chifukwa munthu amene sadziwa kuti waperewera motani sadziwanso choti abweze. Kumatisandutsanso anthu ofuna kuti mnzathu akhalebe woipa, popeza mtendere wathu watsamira pa kugwa kwake. Wodziyeza pa muyezo umene sanaupange yekha amamasuka ku zimenezo: mnzake akakonzeka iye sataya kanthu, ndipo akhoza kukondwera naye ndi mtima wonse. Choncho pamene mtima ukuuza kuti uli bwino, uufunse kuti unayezedwa liti, ndipo ndi chiyani. Pita nawo ku Mawu a Mulungu, kwa munthu wachikulire amene saopa kukukhumudwitsa, ndi kwa amene unamulakwira, pakuti ameneyo amadziwa nambala imene iwe unaiiwala. Ukapeza kuti waperewera, lemba kuchuluka kwake osachepetsa, ndipo uyambe kubweza.